Galasi la pa Khonde ndi Matimati a Bambo

Ndinene poyambirira kuti sindinalape. Amene akudikira kuti kumapeto ndigwada n'kupepesa angoleka kuwerenga pompano. Papita zaka ziwiri chichokereni pa pulazi ija ya mbali ya ku Wedza, koma Juni akangolowa, milomo ikayamba kung'aluka, mkwiyo wanga umadzuka ngati zachitika dzulo.

Chaka chimenecho ndinali Fomu 2 ku sukulu ya mishoni, ndipo anandibweza kunyumba masabata asanu ndi limodzi chifukwa cha chitedze chomwe chinapezeka m'bulangete la woyang'anira ogonera. Mmene chinalowera ndi nkhani ina. Ndingoti munthu wokwapula ana a eni ake chifukwa chokana kusamba madzi ozizira mbandakucha ankayenera kudziwako kuti khungu limamva.

Bambo anali a ku dimba. Anachokera ku Dedza ine ndisanabadwe, ndipo pa pulazi ya fodya imeneyi anawapatsa dimba la kumunsi, m'mphepete mwa dambo. M'nyengo yozizira ankalima matimati opita ku Salisbury pa lole, chifukwa nthawi imeneyo matimati amasowa. Amasowa chifukwa cha chisanu, chimene anzathu Achishona amati chando.

Chisanu chilipo cha mitundu iwiri. Choyera chija mumadzuka n'kupeza udzu uli mbuu ngati authira ufa, madzi a m'ndowa atauma pamwamba, ana n'kumawaboola ndi chala. Chakuda sichioneka. Mumadzuka, masamba ali chiimire bwinobwino, koma dzuwa likangowagunda amalefuka, pofika masana ali bii ngati wina wawakhuthulira madzi owira.

Bambo ankachidziwa chisanafike. Poyamba kumabwera guti, masiku aja a mitambo yotsika ndi kamvula kongowaza, kamene ku Nyasalande amati chiperoni. Guti ikakhalapo, gonani mtima uli m'malo, mitambo yafunditsa dziko. Tsiku loopsa ndi limene guti yatha. Kumwamba kumayera mbee, mphepo imaleka zii dzuwa lisanalowe, utsi wa m'komboni m'malo mokwera umakwawa kutsikira ku dambo, ndipo simbi ya pulazi yoyandikana nayo, chitsulo chija amamenya poweruka, imamveka ngati ili kuseri kwa nyumba yathu. Zikatero Bambo ankangoti, "Lero kugwa," n'kutenga amuna anayi kukafunditsa matimati ndi udzu pa timathandala ta mitengo. Bwana wamkulu sankafunsa. Ankangoona kuti lole ikudzaza.

Koma chaka chimenecho chifuwa chinamuvuta bwana wamkulu, ndiye anapita ndi dona wake kunyanja ya mchere miyezi itatu. Pulazi anasiyira mwana wake, amene anali atangotuluka kumene ku sukulu ya zaulimi, ndevu zisanagwirizane n'komwe. M'komboni tinkamutcha Kabwana.

Kabwana anaona mulu wa udzu wofunditsira nazale ya fodya ukuchepa, anaonanso amuna anayi akuchoka ku shedi nthawi isanakwane, n'kufunsa kuti walamula ndani. Atamuuza kuti walamula ndi utsi, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Sabata yomweyo anabwera ndi galasi loyezera kuzizira, kandodo kokhala ndi kamzere kofiira m'kati, kamene kamatsika kukazizira. Analikhoma pa khonde la nyumba yaikulu. Nyumbayo inali pamwamba pa chitunda. Khoma lake linali loyang'ana kumadzulo, dzuwa likuliwotcha masana onse, ndipo kuseri kwa khoma lomwelo kunali chitofu cha kukhitchini choyaka kuyambira m'mawa. Kenaka anaika lamulo: faifi koloko iliyonse aziliwerenga yekha. Kamzere kakatsika kupitirira makumi asanu, matimati afunditsidwe. Kakapanda kutero, wokhudza udzu aona.

Patangopita masiku anayi guti inatha. Bambo anavula chipewa n'kukaima pansi pa masitepe.

"Bwana, lero kugwa."

Kabwana analoza galasi. Bambo anabwerera. Kutacha, theka la dimba linali bii.

Mukuganiza kuti ananena kuti galasi lalakwa? Ayi ndithu. Anati Bambo anathirira madzulo kwambiri, ndi chifukwa chake mbewu zapsa. Munthu amene wathirira dimba limenelo zaka zoposa zake za kusukulu! Anawauza pamaso pa anthu onse kuti, "Zikapsanso, madala, upinde mphasa zako." Ndipo pa pulazi ntchito ndi nyumba n'chinthu chimodzi. Akakuchotsa m'mawa, madzulo ukagone pa msewu. Ife tinalipo asanu ndi mmodzi: Bambo, Amayi, ine, ndi alongo anga atatu, wamng'ono ali wa zaka zinayi. Onani msampha wake: akafunditsa popanda galasi, achotsedwa. Akapanda kufunditsa, zipsa, achotsedwa.

Ine ndi Fomu 2 yangayo ndinayesa njira ya ulemu, mundilembere imeneyo. Ndinavala malaya a sukulu, ndinatenga buku la jogalafe, n'kukamufotokozera m'Chingerezi chosalala kuti mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha ku dambo, choncho galasi liyenera kukhala ku dimba osati pa khoma la chitofu. Kusukulu anali atatiuza kuti Chitaganya chabwera kuti mzungu ndi munthu wakuda aziyenda ngati abale pa ntchito imodzi. Ndiye ndinati ndimuyese mbale wangayo. Sanandiyang'ane n'komwe. Anafunsa foromani m'Chilapalapa, chiyankhulo chija cha azungu polamula antchito, kuti kanthu aka n'ka yani, n'kumuuza kuti akachotse pa kapinga.

Ndinachoka pa kapingapo, inde. Ndinazungulira kuseri n'kulowa kukhitchini.

Khukhi wa nyumbayo anali malume anga, mlongo wawo wa Amayi. M'khitchinimo munali firiji ya parafini, ndipo Kabwana ankamwa mowa wake ndi ayezi ngakhale mu Juni.

"Malume, mundigawireko timiyala tiwiri ta ayezi."

"Iwe mphwanga, chitedze chija sichinakukwanire? Kuzizira konseku ayezi ukatani naye?"

"Ndikufuna ndiphunzitse galasi Chinyanja."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, akupukuta mbale imodzimodzi yomweyo.

"Ine sindinamve kanthu. Ndikupita kukatola nkhuni, ndipo chitseko cha firiji chimafuna kukankha ndi bondo."

Kachitidwe kake kanali kotere. Bambo akangonena kunyumba kuti lero kugwa, ine ndinkakwera chitunda modutsa m'migwafa, ayezi ali m'kansanza. Kabwana ankabwera kuchokera ku shedi pa njinga yamoto, ndipo inkayamba kumveka ili pa kamlatho. Pamenepo ndinkakanikiza ayezi pa kamutu ka pansi pa galasi, n'kumaona kamzere kofiira kakutsika pang'onopang'ono ngati mwana wolakwa akulowa m'ofesi ya ahedi. Njinga ikazima ku galaja, ine ndinkadumphira kuseri kwa thanki ya madzi. Iye ankakwera masitepe, kusuzumira, kenaka kukuwa: "Foromani! Udzu! Anthu anayi!"

Kanayi konse m'masabata atatu ndinachita zimenezi, ndipo kanayi konse kunacha kuli mbuu, matimati ali obiriwira pansi pa udzu. Kabwana ankatsikira ku dimba manja ali m'thumba la jasi, n'kuwagwira Bambo paphewa.

"Waona, madala? Galasi silinama. Osati za utsi zako zija."

"Inde, bwana," ankatero Bambo.

Madzulo ankandiyang'ana pang'ono kenaka n'kuyang'ana kumbali. Sanafunse, inenso sindinanene.

Tsono apa ndi pamene ena amafuna kuti ndiweramitse mutu. Loweruka lina kunali guti yeniyeni, mitambo ikukhudza nsonga za bulugamu, kamvula kakuwaza. Chisanu sichikanagwa ngakhale mutachiitanira ndi ng'oma. Tsiku limenelo m'komboni munali chikumbutso cha mkulu wina amene anamwalira chaka chinacho. Mowa unali utapsa, alendo atabwera kuchokera m'mapulazi atatu, ng'oma zikuwambidwa pa moto, gule akuyembekezeka kutuluka. Ine ku dambwe sindinalowe, ndine wa mishoni, ndipo m'mawa mwake anyamata olowa anali atandithamangitsa pa chitsime akunditcha mlaliki wa makabudula. Koma ndisanamizire iwo. Chenicheni n'chakuti kusukulu tinaphunzira kuti ayezi ukamuthira mchere amazizira koposa, ndipo ine ndinkangofuna kuona kuti kamzere kaja kangatsike mpaka pati.

Kanatsika, abale. Kanapitirira makumi anayi, kanapitirira pamene madzi amaumira, ndikanachedwa pang'ono kakanatulukira pansi. Ndili kuseri kwa thanki ndinamva Kabwana akutchula Mulungu wake. Sanayang'ane kumwamba ngakhale kamodzi, chonsecho kamvula kakumugwera pa chipewa. Anathamanga yekha kukamenya simbi. Komboni yonse, ndi alendo omwe, anaikusira ku dimba: ena udzu, ena matayala akale oti awotche, ena utuchi wonyowa woti ufuke. Ng'oma zinasiyidwa pa moto mpaka imodzi inaphulika. Zilombo zinabwerera ku dambwe osaponda pa bwalo. Kabwana ali uku ndi uku ndi jasi lake lofika m'akakolo, akutsokomola utsi wa matayala, akukuwa kuti fulumirani, chikubwera chachikulu.

Mayi wina wachikulire, mlendo, mtolo uli pamutu, anaima n'kufunsa mokweza: "Kodi chisanucho chidzera pati, mitambo ili pamutu pathu chonchi? Chibwera pa basi?"

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndikulemba pano ndikusekabe. Munthu amene anatcha Bambo mbuli anaima pa mvula n'kumazinga chisanu ndi matayala, anthu a mapulazi atatu akuonerera. Zimenezo ndipepese?

Bambo anandipeza ndikubisa nkhope mu mtolo wa udzu.

"Lero ine sindinanene kanthu," anatero motsitsa mawu.

"Galasi lanena, Bambo."

"Usadzakwerenso chitunda chija. Wandimva?"

Lamlungu Kabwana anapita ku kalabu ya azungu anzake kukafunsa mmene iwo apulumukira. Malume anati anabwerako nkhope ili psuu, osadya, kenaka anagwada pa khonde n'kumagwiragwira simenti yofiira ija pansi pa galasi. Panali timadontho touma, toyera. Analawa ndi lilime. Mcherewo ndinauiwala, ndivomere, ndipo kulakwa kwanga kumene ndimakuvomera n'kokhako.

Lachiwiri guti inatha. Sindinaonepo kumwamba koyera chomwecho. Pofika folo koloko mphepo inali itafa, utsi wa m'komboni ukuyenda pansi ngati njoka, simbi ya pulazi ina ikumveka mpaka kunjenjemera kwake. Mpweya unali wouma moti m'mphuno munkawawa. Bambo anaima pakhomo, manja ali kumbuyo.

"Bambo, kugwa?"

"Chakuda," anatero. "Koma iwe ukhale pansi."

Ndikanakhala pansi, matimati akanapsa, ndipo m'mawa tikanapinda mphasa. Amene amandiimba mlandu amaiwala zimenezo. Ndinakwera chitunda. Njinga inamveka pa kamlatho monga mwa masiku onse, ine n'kukanikiza ayezi wanga. Sindinadziwe kuti woyendetsa anali foromani. Kabwana anali kuseri kwa chitseko cha khonde kuyambira kalekale, atavula nsapato. Ndinangomva dzanja pakhosi.

Za chikoti sindinena zambiri, mizere yake ilipo, wofuna adzaone. Anandifunsa kuti ayezi wandipatsa ndani, ine ndinati ndimalowera pa windo malume akapita ku nkhuni. Anafunsa kachiwiri ndi chikoti, ndinayankha chimodzimodzi. Kenaka anaitanitsa Bambo. Anabwera chipewa chili m'manja, n'kuima pansi pa masitepe pomwe paja.

"Mwana wakoyu wandisandutsa chitsiru pamaso pa dziko lonse. Unamutuma ndiwe."

"Sindinamutume, bwana. Mwamumenya, chabwino, ndikamuwonjezera. Koma lero kugwadi. Chakuda. Mundipatse anthu awiri okha."

Kabwana anatembenuka n'kuyang'ana galasi. Linali litabwerera mwakale, likusangalala ndi chitofu chake, kamzere kali pamwamba pa makumi asanu. Analigogoda ndi chala.

"Mawa lole ya mkaka ikakutulani pa msewu waukulu. Nonse."

Ndipo anaika mlonda pa mulu wa udzu, ndi chibonga.

Potsika chitunda ndinkayembekeza kuti Bambo andimenya. Ndinkafuna andimenye, kapena atukwane mzungu, kapena alire. Iwo ankangoyang'ana dzuwa, ngati munthu amene akuwerengera kuti latsala pati. Titafika anauza Amayi mawu awiri okha, kuti mawa tikuchoka. Amayi anakhala pansi pomwepo, mwana ali m'manja. Bambo anatenga makwerero a nkhuku n'kukwera pa denga la nyumba yathu.

M'komboni nyumba umamanga wekha. Mitengo umadula wekha, dothi umaponda wekha, udzu umamweta wekha Lamlungu. Denga limenelo Bambo anali atalifolera chaka chathacho. Anayamba kudula luzi n'kumaponya udzu pansi, mtolo ndi mtolo.

"Abambo ake, mukutani kumeneko?" anafunsa Amayi. "Mwazungulira mutu?"

"Udzu uwu si wa mzungu. Mlonda alibe nawo mawu."

Ndinakuwa ndili pansi pa makwerero.

"Bambo, akuchotsani ntchito! Asiyeni apse! Apse onse, aone galasi lakelo!"

"Wandichotsa ntchito ndi mwana uja. Matimati sanandichotse. Ndinafesa ndine, ndinawokera ndine. Gwira mtolo uwo."

"Sindigwira."

"Usagwire."

Ndipo sindinagwire. Ngakhale kamtolo kamodzi sindinanyamule, ndipo mpaka lero ndimati ndinachita bwino. Ananyamula ndi Amayi, akulira ndi ukali, ndi alongo anga awiri aakulu. Kenaka anabwera amuna awiri, mmodzi wa iwo mwini ng'oma yophulika ija. Podutsa anandilavulira pafupi ndi phazi, n'kusenza mitolo iwiri nthawi imodzi. Anapita n'kubwera, kupita n'kubwera, mpaka mdima unagwira ndipo pa nyumba panatsala mitengo yokhayokha.

Tinagona momwemo, nyenyezi zili pankhope. Mabulangete tinali nawo atatu. Kuzizira kwa usiku umenewo sikunali kozizira chabe, kunkaluma ngati mpeni, kuyambira ku zala mpaka m'mano. Mlongo wanga wamng'ono anamuika pakati pa Amayi ndi Bambo, koma anatsokomola mpaka kucha, ndipo chifuwa chimenecho chinamutenga mwezi wathunthu. Madzi a mu mtsuko, m'kati mwa nyumba, anauma gwa. Ine msana unkayaka ndi chikoti, mapazi atafa ndi chisanu, ndipo sindinkadziwa kuti ndakwiyira ndani kwambiri, wa pa chitunda kapena amene ankapuma pambali pangayo.

Lole inabwera dzuwa litangotuluka. Tinakweza mphasa, mapoto, nkhuku zinayi ndi makina osokera a Amayi pakati pa zitini za mkaka. Malume anaima patali, kuseri kwa migwafa, sakanatha kuyandikira. Tinkapita ku Mhangura, kumene msuweni wa Bambo ankagwira ntchito pa mgodi watsopano, ndipo n'kumene tili mpaka pano. Munthu wa ku dimba uja tsopano amakankha ngolo za miyala.

Msewu wotuluka pa pulazi umadutsa m'mbali mwa dimba. Bambo anagogoda pa denga la lole, dalaivala n'kuchepetsa liwiro. Udzu wathu unakwanira mizere ya kumunsi yokha. Ya kumtunda, imene inagona yosafunditsidwa, inali itayamba kale kulefuka, masamba akuda ngati chikopa chonyowa. Pansi pa udzu wa denga lathu, pomwe wina anali atakanganulako, panali pobiriwira.

Kabwana anali pomwepo ndi jasi lake, foromani ali pambali. Anayang'ana mizere yakuda, anayang'ana yobiriwira, kenaka anatiyang'ana ife. Ndivomere kuti ndinali ndi chiyembekezo. Ndinati akweza dzanja, aimitsa lole, anena kanthu, ngakhale kamodzi kokha. Anatembenukira kwa foromani, ndipo popeza mphepo kunalibe, mawu ake tinawamva bwinobwino tonse. Anati udzu uwu ndi wabwino, ukauma autute akauike pa mulu wa nazale.

Ndinaimirira kuti ndikuwe mawu ena amene ku mishoni satiphunzitsa. Amayi anandikoka malaya mpaka batani linaduka. Dalaivala anaponda moto.

Bambo anali atatembenuka, akuloza ndi chala, milomo ikuyenda. Titakhota pa kamlatho anakhala pansi pa chitini cha mkaka, n'kufunditsa mlongo wanga jekete lawo.

"Khumi ndi iwiri," anatero. "Mizere khumi ndi iwiri yapulumuka."

Amayi sanawayankhule mpaka tinafika pa tala.